Za Mkuntho pa Bwalo la Nyimbo, ndi za Kutonthoza Ofedwa

Kuno kwa Malemia, m'chigwa cha Domasi, mitambo ya dzinja yayamba kale kuunjikana pamwamba pa mapiri a Zomba ndi Malosa. Mwezi uno wa Novembala Eklezia atipatsa zinthu ziwiri zoti tizisunge pamodzi mumtima. Choyamba ndicho kukumbukira abale athu amene anatsogola, pakuti pa 2 Novembala tiwapempherera onse, ndipo mwezi wathunthu titchula maina ao pa Misa. Chachiwiri ndicho chimwemwe cha oimba, pakuti pa 22 Novembala ndilo tsiku la Cecilia Woyera, nkhoswe ya makwaya, ndipo masiku omwewo tichita mdipiti wa Kristu Mfumu. Pamenepo tchalitchi chichepa, anthu natuluka kunja. Amanga nsanja pabwalo, akoka malona, apachika zokuzira mau pamitengo, ndipo khamu la ana, amai ndi okalamba likhala pansi kufikira madzulo.

Zonsezi nzabwino, ndipo sitifuna kuletsa ndi chimodzi chomwe. Koma mwezi womwewu ndiwo woyamba mvula ya mabingu, ndipo ife olemba kalata uyu taganiza kuti sikuyenera kukhala chete pa mafunso awiri awa: kodi khamu limene taliitana pabwalo tilisunga bwanji mkuntho ukadza? Nanga tsoka likagwa ndithu, amene atsala akulira tiwachitira chiani?

Phiri lathu lili ndi mbiri yake

Tiyambe ndi za kwathu. M'mwezi wa Disembala chaka cha 1946, pamene Zomba anali likulu la Boma la Nyasaland, kunagwa mvula imene mbiri yake sinazimirike kufikira lero. Pa tsiku limodzi ndi theka panagwa madzi okwana mainchi 28, ndiko kunena mamilimita oposa 700, pafupifupi theka la mvula ya chaka chathunthu. Nthaka ya m'mbali mwa phiri inakhuta madzi, nilemera, nitsetsereka. Ndipo miyala yaikulu, mitengo ndi matope zinatsika m'makwawa ndi mkokomo woopsa. Mulunguzi ndi mitsinje inzake inasefukira nikokolola milatho, kotero kuti mbali imodzi ya tauni sinathe kufikana ndi inzake. Mudzi wa Ntiya unaonongeka. Anthu oposa 20 anafa, ndipo mmodzi wa iwo anali Mzungu, mkulu woyang'anira ndende za dziko lonse. Pakuti madzi safunsa mtundu wa munthu kapena udindo wake.

Makolo anati wadutsa Napolo, chinjoka chija chimene amati chikhala pansi pa phiri, ndipo chikafuna kusamukira kunyanja chiphwanya zonse za m'njira mwake. Oimba a banja la Paseli anapeka nyimbo ya tsokalo imene inamveka dziko lonse, ndipo pambuyo pake mlembi Steve Chimombo, mwana wa ku Zomba konkuno, analemba ndakatulo zake pa dzina lomwelo. Lero tidziwa kuti pansi pa phiri palibe njoka. Pali nthaka yokhala pamwamba pa thanthwe lopendekeka, ndipo ikakhuta madzi siithanso kugwira, makamaka kumene mitengo inadulidwa ndi kuotchedwa makala. Koma dzina la Napolo tilisunge ndithu, pakuti likumbutsa ana athu kuti chimene chinachitika kale chikhoza kuchitikanso.

Ndipo chinachitikadi. Pa 10 Malichi 1991 phiri la Michesi linagumukira anthu a ku Phalombe, nafa mazana angapo. Ndipo chaka chomwecho Boma linakhazikitsa lamulo loyamba la kukonzekera ngozi zogwa mwadzidzidzi. M'mwezi wa Malichi 2023 namondwe wotchedwa Freddy anagwetsa matope a phiri la Soche pa nyumba za ku Chilobwe mu Blantyre, nakokolola mudzi wa Ntauchira ku Chiradzulu. Akufa ndi osowa anaposa 1,000, ndipo anthu oposa theka la miliyoni anatsala opanda pokhala. Boma la Zomba silinatsale pa tsokalo, ndipo ambiri a inu mukumbukira masukulu ndi matchalitchi atasanduka misasa ya othawa madzi.

Mphenzi pakati pa opemphera

Napolo adza mvula itagwa masiku. Koma pali mdani wina amene adza m'kuphethira kwa diso, ndiye amene aopsa kwambiri anthu osonkhana pamodzi. Tsiku Loweruka, pa 28 Disembala 2013, abale athu a mpingo wa Seventh Day Adventist anasonkhana m'tchalitchi chao china mu mzinda wa Lilongwe. Kunadza mvula ya mabingu, mphenzi nigwa pa nyumbayo. Anthu 8 anafa, ndipo ena ambiri anavulala. Iwo sanali ku mowa kapena ku magule a usiku ai. Anali pa mapemphero, m'masiku a Khirisimasi, monga momwe ife tikhalira.

Mphenzi ili moto wa magetsi umene uunjikana m'mitambo, ndipo ukachuluka ufuna njira ya kutsikira pansi. Kawirikawiri usankha chinthu chimene chatalika koposa zinzake pamalopo: mtengo woima wokha, nsanja ya belu, mzati wa chitsulo, kapena munthu woimirira pakati pa bwalo la mpira. Ukafika pansi umwazikana m'nthaka mbali zonse, ndicho chifukwa chake mphenzi imodzi ikhoza kugwetsa anthu ambiri okhala mothithikana, monganso ipha ng'ombe zambiri pansi pa mtengo umodzi. Zaka za m'ma 1750 Benjamin Franklin wa ku America anaonetsa kuti ndodo ya chitsulo yoimikidwa pamwamba pa nyumba, yolumikizidwa ndi waya wokhuthala kufikira m'nthaka, ipatsa moto umenewu njira yake, nyumba ndi anthu napulumuka. Papita zaka zoposa 250 chidziwikire nzeru imeneyi; nanga matchalitchi ndi masukulu athu angati ali nacho chitsulocho? Akuluakulu a tchalitchi afunse amisiri odziwa za magetsi mtengo wake.

Chimene chinaoneka pa bwalo la nyimbo ku America

Kapena wina adzati, "Zotere zigwera ife amphawi, opanda zipangizo." Tamverani tsono za dziko lolemera. Pa 13 Ogasiti 2011, mu mzinda wa Indianapolis, pa chionetsero chachikulu cha chaka ndi chaka cha chigawo cha Indiana, anthu pafupifupi 12,000 anasonkhana pabwalo madzulo kudikira oimba otchuka otchedwa Sugarland. Pamwamba pa nsanja panali denga lalikulu la zitsulo ndi lona, lonyamula nyali ndi zokuzira mau zolemera ndithu. Kumadzulo kunali kutada bii, ndipo oona za nyengo anapereka chenjezo lakuti kukudza mkuntho woopsa. Akuluakulu anali kukambirana ngati aimitse mwambo kapena ai. Wolengeza anauza anthu kumene angathawire zinthu zikaipa, koma sanawauze kuti anyamuke. Zisanathe mphindi khumi chiperekedwere chenjezo lija, mphepo yothamanga makilomita 95 pa ola inaomba, denga lonse nilipendekeka, niligwera anthu okhala kutsogolo. Anafa anthu 7, ena pomwepo, ena m'chipatala. Ovulala anali 58. Mvula inali isanayambe ndi kugwa komwe.

Chinthu chimodzi chokoma chinaoneka usiku umenewo: anthu ambiri a m'khamulo, m'malo mothawa, anabwerera nanyamula zitsulo ndi manja ao kuti atulutse opsinjika, osafunsa kuti uyu ndi yani. Koma akatswiri amene anafufuza pambuyo pake anapeza zinthu ziwiri zomvetsa chisoni. Choyamba, denga lija silinamangidwe kolimba monga kuyenera. Chachiwiri, panalibe chomveka bwino kuti mwini mau ndani, amene akati, "Taimitsa," onse amvere. Aliyense anali kuyang'ana mnzake, nthawi nipita. Atangopita masiku asanu, pa 18 Ogasiti, mkuntho wina unagwetsa mahema, mitengo ndi zitsulo pa chikondwerero cha nyimbo cha Pukkelpop pafupi ndi Hasselt m'dziko la Belgium, nafa anthu 5, ndipo eni ake anathetsa chikondwerero chonse.

Tsono taonani, abale: sikusowa kwa zipangizo kumene kunapha anthu aja ku Indianapolis, pakuti chenjezo analandira; chinawapha ndicho kuzengereza. Ndipo kuzengereza kumeneku ife tikudziwa bwino. Makwaya abwera kuchokera kutali, alipira galimoto, asoketsa zovala zatsopano, aphunzira nyimbo miyezi itatu. Mlendo wolemekezeka wakhala kale pampando. Ndani adzalimba mtima kuimirira ndi kunena kuti, "Zikomo, Bambo, kumwamba kwaipa, anthu alowe m'nyumba"? Ulemu wathu umene, ndiwo ukhoza kutitseka pakamwa pa nthawi yofunika kulankhula.

Malangizo kwa okonza misonkhano ya pabwalo

Chifukwa chake tipempha abambo mfumu, makatekisiti, apampando a matchalitchi, aphunzitsi ndi atsogoleri a makwaya kuti asunge mau awa.

Choyamba, tsiku lisanafike musankhe munthu mmodzi, wodziwika ndi dzina, amene ntchito yake ndiyo kuyang'ana kumwamba, osati kunsanja. Mumpatse mphamvu ya kuimitsa mwambo, ndipo mugwirizane pamaso pa onse kuti akalankhula palibe womtsutsa, ngakhale nyimbo ili pakati. Mvula ikapanda kugwa musamseke kapena kumdzudzula. Wachita ntchito yake.

Chachiwiri, mumvere pa wailesi zimene a nthambi ya Boma yoona za nyengo alengeza, ndipo muyambe mwambo m'mawa. Pakuti mvula ya mabingu ya miyezi ino ikonda kudza dzuwa litapendeka, nthaka itatentha.

Chachitatu, muphunzitse anthu kuwerenga mtunda wa mphenzi. Kung'anima kufika m'maso nthawi yomweyo, koma bingu liyenda pafupifupi kilomita imodzi pa masekondi atatu. Mukaona kung'anima muwerenge pang'onopang'ono. Bingu likamveka musanafike pa 30, mphenzi ili pafupi, mtunda wosaposa makilomita 10, ndipo ikhoza kugwa pamene muli. Pamenepo anthu achoke pabwalo, ndipo asabwerere kufikira papite theka la ola chimvekere bingu lotsiriza.

Chachinai, mudziwiretu kothawira. Pansi pa mango kapena bulugamu si pobisala ai, ndipo pamenepo mpamene pafera anthu ambiri. Chisakasa ndi tenti zitchinga madzi okha, sizitchinga mphenzi. Anthu alowe m'nyumba yolimba, nakhale kutali ndi zitseko, mazenera, makoma ndi mawaya. Kapena m'galimoto la denga la chitsulo, mazenera atatsekedwa. Ana ndi okalamba atsogole, ndipo zitseko zonse zitseguliretu, kuti anthu asapondane pakhomo. Ngati kothawira kulibe, anthu abalalikane, asaunjikane malo amodzi, ndiponso asagone pansi chotambalala.

Chachisanu, muyang'anire nsanja. Lona likokedwa ndi mphepo monga tanga ya bwato, ndipo likazula mzati umodzi zonse zitsata. Zokuzira mau zolemera zikhale pansi, mizati ikumbiridwe mozama, ndipo mphepo ikayamba kukula malona amasulidwe msanga. Ana asakhale m'munsi mwa nsanja kapena kutsamira mizati.

Chachisanu ndi chimodzi, munthu woombedwa ndi mphenzi musaope kumkhudza, pakuti moto sukhalira m'thupi mwake. Ambiri amene aoneka ngati afa, mtima wao wangoima, ndipo akhoza kutsitsimuka wina akayamba msanga kukanikiza pakati pa chifuwa mwamphamvu ndi mobwerezabwereza. Muyambe ndi amene sakupuma, osati amene akubuula. Ndipo onse, ngakhale odzuka okha, apite kuchipatala cha pafupi kapena ku Zomba Central.

Potsiriza, msonkhano ukatha mvula itagwa kuphiri, musalole ana kuoloka Domasi kapena mtsinje wina uli wodzala. Kuli bwino kugona kwa Akristu anzanu ndi kufika kwanu mawa. Ndipo inu okhala m'tsinde mwa phiri, mukaona ming'alu yatsopano m'nthaka, mitengo itapendekeka, kapena mtsinje utasanduka matope mwadzidzidzi, musadikire kucha.

Kodi anawaloza ndani?

Tsoka lotere likagwa pamudzi, chisoni chifuna wina woti chimloze chala. Pomwepo amveka manong'onong'o akuti mphenzi ija inachita kutumizidwa, ndipo kawirikawiri maso agwera pa agogo ena osauka, okhala okha kumapeto kwa mudzi. Ha! nyumba zingati zatenthedwa m'dziko muno, okalamba angati amenyedwa ndi adzukulu ao enieni, chifukwa cha mau otere! Imfa imodzi ibala inzake, ndipo banja limene likadagwirana pa maliro ligawanika kosatha. Lamulo la dziko lino la chaka cha 1911 linaletsa kunenera munthu ufiti; koma ife Akristu tili ndi lamulo loposa limenelo, lakuti tisachitire mnzathu umboni wonama.

Enanso, poyesa kuti alankhula za Mulungu, anena kuti akufawo analangidwa chifukwa cha machimo ao. Mau awa ali ngati mpeni mumtima wa mai wofedwa. Ambuye athu anayankha kale nkhani imeneyi, monga tiwerenga mwa Luka Woyera, mutu 13: pokamba za anthu 18 amene nsanja ya ku Siloamu inawagwera, anakana ndithu kuti iwo anali ochimwa koposa anzao a mu Yerusalemu, ndipo anatembenuza nkhani kuti omvawo adziyang'ane okha. Tsono ngati pali funso loyenera kufunsa, si lakuti analoza ndani, koma lakuti: kodi mzati uja unakumbiridwa bwino? Kodi analipo woyang'ana kumwamba? Funso limeneli lipulumutsa anthu chaka chamawa.

Pamene siwa yabalalika

Tifike tsopano pa chimene chili pamtima pathu koposa. Kunena zoona, pa masiku a maliro enieni anthu a kuno sitisowa mphunzitsi. Uthenga ukangomveka, amai afika ndi ufa ndi nkhuni pamutu, adzukulu alawirira kumanda, kwaya ichezera usiku wonse, ndipo abale athu Asilamu ndi a mpingo wa CCAP akhala nafe pamphasa imodzi, monga ifenso tikhala nao pa ao. Akulu anati maliro nkulirana, ndipo mwambo umenewu ndi chuma chathu. Koma maliro atha. Abale a ku Blantyre ndi ku Johannesburg abwerera. Miphika yobwereka ibwezedwa. Ndipo pa sabata lachitatu mai uja atsala yekha ndi ana, nkhokwe itatheratu podyetsa olira. Apa mpamene chikondi chathu chiyesedwa.

Ku Indiana kuja ofedwa sanaiwalike msanga. Anthu anasonkha thumba la chithandizo; oimba aja anabwerera mu mzindawo m'mwezi wa Okutobala chaka chomwecho, naimba mwaulere, zopereka za anthu nizipita ku thumbalo; Boma la chigawocho linapereka madola 5 miliyoni, ndipo mu 2012 aphungu anaonjezera 6 miliyoni. Komabe milandu ya chipukuta misozi inatenga zaka, ndipo masiku onsewo ovulala anafunikira wowasambitsa ndi wowaphikira. Ife tilibe mamiliyoni. A Boma, a Red Cross ndi a CADECOM, nthambi ya chitukuko ya Eklezia wathu, abwera ndi ufa, mabulangete ndi malona pa ngozi zazikulu, ndipo tiwathokoza. Koma iwo ali ndi midzi yambiri yoti afikeko, ndipo nthawi yao ikatha apita. Otsala pafupi ndi wofedwa ndife a mphakati wake. Nazi tsono ntchito zimene zili m'manja mwathu.

Munda ukhale woyamba. Imfa ya mkuntho idza m'nyengo ya kubzala ndi kupalira, ndipo banja likataya masabata atatu a Disembala lataya chakudya cha chaka chonse. Mphakati ugwirizane tsiku, anthu apite ndi makasu ao ndi chakudya chao, abzale, apalire, abandire, ndipo abwerenso pa nthawi yokolola. Ngati denga linasasuka kapena khoma linagwa, anyamata alikonze mvula ina isanadze. Mutu umodzi susenza denga.

Chachiwiri ndicho chipepeso. Ndalama za maliro zayambanitsa anthu ambiri, chifukwa zilandiridwa mumdima ndi kugawidwa mumdima. Zonse zilembedwe m'buku, osunga akhale awiri, chiwerengero chiwerengedwe poyera, ndipo zotsala ziperekedwe m'manja mwa wamasiye mwini, pamaso pa nkhoswe za mbali zonse ziwiri. Ndipo tilangiza kuti zisathere pa bokosi lokwera mtengo ndi nyama ya alendo, womwalirayo akadatha kulankhula akadati, "Sungirani ana anga." Ngati ngozi inagwa pa msonkhano umene ife tinaitanitsa, tchalitchi chisadikire kupemphedwa: chitsegule thumba, chilengeze zolowa ndi zotuluka mwezi ndi mwezi, ndipo makwaya omwewo aimbenso tsiku lina kuti lidzale.

Chachitatu ndicho katundu wa masiye. Tichita manyazi kulemba, koma zichitika ndithu, kuti abale a mwamuna afika misozi isanaume, natenga njinga, malata, mbuzi ndi makina osokera, mkazi ndi ana natsala ndi mphasa. Lamulo la chuma cha masiye la chaka cha 2011 linanena poyera kuti kulanda kotere ndi mlandu, ndipo liika patsogolo mkazi kapena mwamuna wotsalayo ndi ana. Mkristu amene aona zimenezi nakhala chete, poti nza banja la eni, agwirizana ndi wolandayo. Akulu a mphakati aperekeze wamasiye kwa amfumu, ndipo kukalephereka kumeneko, kwa Bwanamkubwa kapena kubwalo la milandu. Amthandizenso kupeza kalata ya imfa, pakuti popanda iyo ndalama za kuntchito kapena za kubanki sizituluka. Ndipo munthu wosweka mtima sakhoza kuyenda yekha m'maofesi.

Chachinai ndiwo ana. Mwana wofedwa kholo ayamba kujomba kusukulu chifukwa cha sopo, cholembera kapena njala ya m'mawa. Ndipo mtsikana aona ngati ukwati ndiwo mpumulo wake. Banja lililonse limene Mulungu analidalitsa pang'ono lisankhe mwana mmodzi, limtsate kufikira atatsiriza, osati chaka chimodzi chokha. Atate ndi amai a ubatizo akumbukire kuti lonjezo lao silinathere pa chitsime cha ubatizo. Amai Achikatolika ndi a bungwe la Vincent de Paul Woyera, limene Frédéric Ozanam ndi anzake analiyambitsa ku Paris mu 1833 kuti aziyendera osauka m'nyumba zao, ali ndi ntchito yao pano.

Tisaiwale ovulala. Woombedwa ndi mphenzi akhoza kuchira zilonda, koma natsala wogontha khutu, woiwalaiwala, wosagona tulo kapena wofulumira kupsa mtima. Si ulesi kapena mizimu ai, ndi chilonda cha m'kati. Ana amene anaona anzao akugwa adzanjenjemera kukagunda bingu. Musawaseke, muwafungatire, nimuwalole akambe zimene anaona kangati konse afuna. Alipo enanso amene Freddy anawalanda abale osaona ndi mtembo womwe, ndipo alibe manda oti akagwadepo. Adziwe kuti Eklezia apereka Nsembe ya Misa chifukwa cha akufa onse, opezeka ndi osapezeka, pakuti Mulungu adziwa pamene aliyense agona; ndipo maina ao alembedwe ndi kutchulidwa pamodzi ndi ena mwezi uno.

Nanga tikafika pakhomo tidzanena chiani? Ambiri aleka kuyendera wofedwa chifukwa cha funso limeneli. Kumbukirani abwenzi a Yobu: masiku asanu ndi awiri amene anakhala naye pansi osalankhula anamtonthoza, koma atatsegula pakamwa kuti amfotokozere chifukwa cha mavuto ake anamuonjezera ululu. Sikufunika ulaliki. Nkokwanira kuodira, kukhala pakhonde, ndi kufunsa kuti, "Amai, mwagona bwanji? Nanga ana adya chiani lero?" Musaope kutchula dzina la womwalirayo, pakuti chimene wofedwa aopa koposa ndicho kuti mwana wake waiwalika. Mubwerenso patapita mwezi, ndi pa Khirisimasi, ndi pa tsiku lokwanira chaka. Ndipo wofedwayo akakhala Msilamu kapena wa mpingo wina, khasu lathu lisafunse za chipembedzo chake, pakuti mvula imene inamgwera ndiyo yomwe igwa pa denga lathu. Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe.

Mau otsiriza

Abale okondedwa, tisaleke kuimba. Makwaya akonzeke, ng'oma zikungidwe, ana avale zoyera, ndipo Kristu Mfumu alemekezedwe m'misewu yathu monga chaka ndi chaka. Koma mphakati uliwonse, pa msonkhano wake woyamba ukatha kuwerenga kalata uyu, uchite zinthu ziwiri: usankhe munthu wake woyang'ana kumwamba pa tsiku la chikondwerero, ndipo ulembe maina a mabanja amene anafedwa chaka chino ndi chatha, nufunse kuti munda wa yani sunabzalidwe. Mutilembere kutiuza zimene mwachita, kuti ena atengerepo chitsanzo.

Tipempherere onse amene anafa ndi madzi, matope, mphepo ndi mphenzi, a ku Ntiya, a ku Phalombe, a ku Lilongwe, a ku Chilobwe ndi a maiko akutali, kuti Mulungu mwa chifundo chake awalandire kwao kwamuyaya. Maria Woyera, amene anaima pansi pa mtanda wa Mwana wake, akhale pafupi ndi amai onse olira; ndipo Cecilia Woyera apempherere oimba athu, kuti onse amene adzabwere pabwalo mwezi uno akafike kwao ndi mtendere.